Poto Wakuda wa Maswiti

Amayi anga ankaphika maswiti ku Biwi kwa zaka zambiri, ndipo zipangizo zawo zonse zinkakwana m'beseni limodzi. Munali poto wakuda wolemera, wokhuthala pansi, amene sankalola kuti munthu aphikiremo ndiwo. Munalinso thireyi yachitsulo, mpeni wobuntha, kapu yoyera ya madzi ozizira, ndi botolo lalikulu lotseka molimba. Shuga, mandimu ndi makala ankagula tsiku lophika. Khirisimasi iliyonse ana a Sande sukulu ankalandira maswiti awiriawiri a m'botolo limenelo. Amayi ankati umenewo ndiye utumiki wawo, poti mawu oimbira kwaya Mulungu anapatsa ena.

Chaka china, nthawi ija mafoni a m'manja anali atangoyamba kulira m'maminibasi, Amayi anafa ziwalo mbali ya kumanja. Atatuluka m'chipatala ndinawatengera kwanga ku Chinsapo. Kuyankhula ankatha, ngakhale mokoka lilime, koma anasankha kukhala chete. Ankagona atayang'ana kukhoma. Phala ankalawa masipuni awiri n'kukankha mbale. Ndinkaona kuti chikuwadya si matenda okha, koma kudziona ngati katundu m'nyumba ya mkamwini. M'mawa uliwonse ndinkachonderera Ambuye kuti ngati akuwatenga, asawatenge ali osweka mtima chotero.

Mvula itayamba, Khirisimasi ili pafupi, ndinapita ku Biwi kukatenga beseni lija. Ndinayatsa mbaula pakhonde, pafupi ndi zenera la chipinda chawo, osawauza kanthu.

Poto wakuda uja anandichititsa manyazi, ndiye ndinatenga sefuliya yanga yonyezimira ya paukwati. Shuga anapserera pansi, utsi wowawa n'kudzaza nyumba. Ndinayambiranso ndi poto wawo. Koma manja anga anazolowera phala, ndipo ndinatakasa ndi mthiko osalekeza, kuopa kuti angapsererenso. Madzi a shuga aja anayera, kenako anauma n'kusanduka mchenga.

"Phala limenelo ndi la ndani?" Mawu anachokera pazenera, olemera koma omveka.

Ndinayankha ngati palibe chachilendo. "Ndi maswiti a ana, Amayi."

"Maswiti. Mthiko ukukwecha kuyambira m'mawa. Shugayo wakulakwira chiyani?"

"Ndiye bwerani mudzandionetse."

"Wandiputa dala iwe. Tandinyamula, usanamalize shuga wa amuna ako."

Ndinawakhazika pampando pakhonde n'kuwafunditsa chitenje. Anali atapepuka ngati mwana. Anandiuza kuti ndithire madzi ongomiza shuga, nditakase mpaka asungunuke, ndifinyiremo ndimu. Zitayamba kuwira, anatambasula dzanja lawo lamanzere, nandilanda mthiko n'kuuika pamiyendo pawo.

"Tsopano khala pansi. Manja akowo uwakhalire ngati akukuyabwa."

Tinakhala tikuyang'ana thovu likukwera n'kutsika. Pamenepo ndinazindikira kuti milungu yonseyi nawonso ndinkangowatakasa: idyani, tembenukani, tiyeni tipemphere. Kudikira Yehova ndinkaphunzitsa ena ku Sande sukulu, koma ndekha sindinkakudziwa.

"Dontheza m'kapu."

Ndinadontheza pang'ono m'madzi ozizira. Anavuula dontholo ndi zala, n'kulikanya. Linali lofewa ngati phula.

"Sanafike."

Kachiwiri anapukusa mutu. Kachitatu dontho linauma litangokhudza madzi. Analifikitsa kukhutu n'kulithyola, ndipo nanenso ndinamva kuthetheka kwake.

"Phula msanga. Thireyi wapaka mafuta?"

Ndinali nditapaka. Ndinakhuthula, n'kulemba mizere ndi mpeni wobuntha uja zisanaume. Maswitiwo atazizira, Amayi sanalole kuti akhale pamphepo. Anati nyengo ya mvula maswiti amamwa chinyezi n'kumatana, choncho alowe m'botolo nthawi yomweyo. Ine ndinkathyola, iwo akuponyamo imodziimodzi ndi dzanja lawo limodzilo.

Kachidutswa komaliza anakaika m'kamwa. Anakamung'unya nthawi yaitali, maso ali pa mvula imene inali itayamba kuwaza.

"Ndimu wachuluka," anatero. "Mawa tiphikenso. Awa sangakwane ana onse aja." Kenako anayang'ana kukhitchini. "Kodi m'nyumba muno anthu sadya masana?"

Ndinawapakulira mpunga ndi nyemba, ndipo anamaliza mbale yonse. Ine ndinatenga poto wakuda uja kupita naye kuseri kwa nyumba ngati ndikukatsuka. Kumeneko ndinagwada pamatope, poto ndili naye m'manja, n'kuthokoza Ambuye.