Mukakwiyire Komweko, Ababa

Fanuwelo mwana wanga, lero chatha chaka chikuikire m'manda. Mlongo wako ndiye akundilembera pa foni, koma mawuwa ndi anga. Ndakumbuka chaka chimene amako anamwalira. Abale awo anandilanda munda, amvekere mkamwini azipita kwawo, chonsecho kwathu ku Mozambique ndinachokako nthawi ya nkhondo, kulibe wondidziwa. Ndinasiya kupemphera. Ndinkati Mulungu woonerera zotere, kaya alipo kaya kulibe. Lamulungu lina unabwera ndi njinga yako ya kabaza, utasiya makasitomala pa boda ya Muloza, kudzanditenga kuti tikapemphere. Ndinati, "Kutchalitchi sindipita, ndakwiya naye." Iwe unapukuta mpando wakumbuyo n'kunena kuti, "Kwerani ababa, mukakwiyire komweko. Munthu ukakwiya ndi mnzako umamulondola pakhomo pake, sunyanyalira kuseri kwa nyumba." Ndinaseka ndisakufuna, ndipo ndinakwera. Njira yonse sunandilalikire, unkangodandaula kuti nkhalamba yokana kudya ikulemera bwanji chonchi.

Utapita iwe, mafunso aja anabweranso, sindikubisira. Bwanji Mulungu anatenga wopalasa n'kusiya wokwezedwa? Yankho sindinalipeze mpaka lero. Koma kutchalitchi ndikupita, wapansi ndi ndodo yanga, ndipo ndimamufunsa komweko. Miyezi yonseyi ndakhala ndikungokhala duu anzanga akamaimba. Lamulungu lapitali ndinangozindikira ndili mkati mwa nyimbo, vesi yachiwiri, misozi ili chuchuchu. Anthu adziwe kuti ine ndinabereka mwana. Gona bwino, bambo wanga, ababa ako ayambanso kuimba.