Phazi la amalume a Arcesio

Amalume anga a Arcesio Grisales amalima maluwa kumapiri a Santa Elena, ndipo chibadwire anali asanavinepo. Musaiwale zimenezi.

Ogasiti aliyense amatsikira ku Medellín ku perete wa maluwa. Amabereka chimango chamatabwa chodzaza maluwa, cholemera ngati mwana wang'ombe, lamba wake atamukoleka pamphumi. Malo a mu peretewo ndi a banja. Anawasiyira ndi agogo, ndipo tsiku limene adzalephere kusenza, malowo adzapita kwa mng'ono wawo, a Nolberto, amene Lamulungu lililonse ankabwera kudzafunsa za mwendo mwachikondi chodabwitsa.

Kakolo wakumanja anali atatha ndi nyamakazi, mafupa kumangokhulana okhaokha. Anayamba ndi mafuta, kenako mapemphero, pomaliza chipatala. Ndinawaperekeza ndine, poti sukulu ndinasiya ndipo pakhomo amati ndili ndi nthawi.

Dokotala anati njira zilipo ziwiri. Kulumikiza mafupawo ndi misomali yachitsulo: ululu utha, katundu azisenza, koma phazi silidzapindikanso. Kapena kuika mfundo yochita kupanga: phazi lizipindika, ngakhale kuvina azivina, koma zolemera ayi, ingathe msanga.

"Tengani yovinayo, bambo inu," anatero akazi awo, a Rubiela, titafika kunyumba.

"Ndizivina ndi ndani?"

"Ndi ine. Ndakhala ndikudikira chikwatiranecho."

"Dikiranibe, mayi, munazolowera."

A Nolberto anaikapo mawu akudya arepa wathu, chikondamoyo cha chimanga. "Achimwene, yovinayo ndiye yamakono. Maluwa tizikusenzerani ife."

"Iwe, mphumi ikukuyabwa eti?" anatero amalume.

Amalume sakhulupirira chinthu asanachiyese. Anatenga timatabwa tiwiri totsala pa chimango, n'kutimangirira kumwendo kuti kakolo asapindike, n'kumayenda choncho: kukwera kumunda, kutsikira kutchalitchi, kudutsa m'matope. Agalu anawauwa poyamba, kenako anatopa.

"Phazi lopindika n'lantchito yanji?" anatero pomaliza. "Ine ndimangopita kutsogolo."

Anasankha misomali. Chikhakha anakhala nacho miyezi, maluwa akuwathirira ndi a Rubiela. Tsiku lobwerera kumunda anatenga jombo zawo. Phazi lakumanzere linalowa. Lakumanja linafika pokhotera m'jombomo n'kuima. Anakankha, anapaka sopo, anatchula oyera mtima angapo. Apo m'pamene tinakumbukira kuti timatabwa tija ankatimangirira pamwamba pa jombo atavala kale.

Kwathu kuno munda wamaluwa ndi matope okhaokha, ndipo wopanda maluwa akeake sapita ku perete. A Nolberto anayang'ana kudenga, nkhope ikuyesetsa kumva chisoni.

A Rubiela anabwera ndi mpeni wosengera maluwa. Anang'amba jomboyo kumbuyo mpaka pachidendene, n'kuboola timabowo, n'kulowetsa chingwe chomangira mitolo.

"Ndimanga," anatero, "koma mundivinira nyimbo imodzi."

"Dokotala anakaniza."

"Ndinalipo. Sanakanize."

Amalume anayang'ana chingwe, anayang'ana mng'ono wawo. "Mangani."

Ogasiti atafika anasenza chimango chawo kuyambira poyambira mpaka pothera, phazi lakumanja likugunda pansi ngati munsi. A Nolberto anayenda m'mbali atanyamula botolo la madzi.

Nyimbo ija inavinidwa madzulo a tsiku lomwelo. Amalume anaima chilili pakati pa bwalo, a Rubiela n'kumawazungulira. Itatha amalume anati kuvina si kovuta monga amanenera anthu.