Zovala za Mkazi Wanga Si Salaula

Kwa eni ake a kampani ya mabasi ija imene imalemba kumbuyo kwa basi iliyonse kuti "Timasamala": chikwama cha mkazi wanga chili kuti?

Dzina lanu sinditchula. Mukudzidziwa.

Ndiyambe ndafotokoza za chikwamacho, poti kuofesi kwanu palibe amene anafuna kumva. Mkazi wanga Malita anamwalira mu Febuluwale. Tinakhala m'banja zaka zitatu. Za matenda ake sindilemba pano. Chaka chatha anapita nawo pa ulendo wa mpingo wathu wokalalikira ku Angonia, ku Mozambique, ine n'kutsala chifukwa cha ntchito. Anabwerako ndi nkhani imodzi yokha: kuzizira. Ankati amayi a kumeneko amabwera ku mapemphero a m'mawa atadzikulunga kachitenje kamodzi, mano akugundana. Anawalonjeza kuti akadzabweranso adzawatengera zovala. Atangofika kunyumba anayamba kupatula zake zomwe.

Tsiku logawa zovala za malemu, abale ake atakhala pamphasa kwawo ku komboni ya Nabvutika, apongozi anga anakankhira chikwama chimodzi pambali. Anati, "Izi sitigawana. Mwiniwake ananeneratu kopita. Bambo, mukapereke ndinu."

N'chifukwa chake ndinalembetsa nawo ulendo wa chaka chino. Sindine mlaliki. Kwaya sindiimba. Ndinkapita kukasiya chikwama.

Pamwamba penipeni ndinaika juzi yake yobiriwira, ya chigamba pachigongono cha kumanzere. Chigambacho anasoka yekha ndi ulusi wakuda, poti wobiriwira unasowa. Juziyo sindinaichape, poti inali ikadali ndi fungo lake. Ndinati ndikaichapa ndikafika. Amene anaikapo munthu wake m'manda amvetsa. Enanu musavutike.

Mpingo unachita hayala basi yonse. Ndikubwereza, yonse: mipando, kunsi, pamwamba. Munatiuza kuti tikumane pabwalo la ofesi yanu Lolemba sikisi koloko m'mawa. Ife tinafika. Basi inafika cha m'ma naini, ndipo dalaivala anatiuza kuti tiyamike Mulungu poti yafika. Tinayamika. Ndife anthu a pemphero.

Kondakitala atatsegula kosungira katundu kunsi kwa basi, tinapeza kuti n'kodzaza kale. Makatoni omatidwa bwinobwino, matumba osokedwa, zigubu za mafuta ophikira. Abusa athu anafunsa kuti katunduyu ndi wa yani. Kondakitala anati, "Masipeya a basi, abusa." Katoni imodzi inali itang'ambika pakona. Ndinaphunzira ku koleji, koma sanatiuze kuti mabasi a masiku ano amayendera mabisiketi.

Anapanikiza zokuzira mawu, makatoni a Mabaibulo, mapoto, matumba a ufa. Malo anatha. Chotsala chinali chikwama changa. Kondakitala uja anachinyamula, anachiyesa kulemera, kenako anatsegula zipi osandipempha. Analowetsa dzanja, n'kutulutsa diresi, n'kuliyang'ana padzuwa.

"Iyi ndi salaula, bwana, zovala zakale zamalonda. Sikwera."

"Si salaula. Ndi zovala za mkazi wanga."

"Onse amatero. Pa boda akaona mwamuna ali ndi zovala za chizimayi zambiri chonchi, atiimika tonse mpaka madzulo. Ngati n'za madamu, abwere madamuwo anyamule okha. Ali kuti?"

Ndinkayang'ana diresilo, lili m'manja mwake.

Anayankha ndi Amayi Sakala, mtsogoleri wa amayi a mumpingo mwathu, amene anasambitsa thupi la Malita. Anati, "Iwe mwana, tseka pakamwa pakopo. Mayiwo tinaika ndife."

Kondakitala anavula kapusi, n'kuvalanso. "Pepani, bwana. Koma a kasitomu a pa boda sadziwa maliro."

Zikwama za amayi ena, zodzaza zovala zokapereka ngati changa, zinali zitakwera popanda funso. Changa chokha ndicho chinapalamula, chifukwa wochinyamula ali ndi ndevu. Ndinati chabwino, ndichiika pamiyendo. Anati malamulo a kampani salola. Malamulo omwewo amalola mafuta ophikira a eni ake mu basi imene mpingo walipira yonse? Malamulo okoma mtima bwanji.

Kenako anatulukira amanijala, akutokosa m'mano, akumwetulira. Anandigwira phewa ngati tinakulira limodzi. "Akulu, musade nkhawa. Basi yathu ya thwelofu koloko ikupezani pa boda ya Mwami. Ndichikweza ndekha, ndi manja angawa." Anandionetsa manjawo, onse awiri. Anali manja ndithu.

M'basi anthu anali atayamba kale kuimba. Abusa ankayang'ana wotchi, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso wotchi. Ndinapinda diresi lija, ndinatseka zipi, ndinalowa nacho chikwama muofesi, n'kuchiika pafupi ndi tebulo la mayi wogulitsa matikiti. Ndinawauza kuti achiyang'anire. Anagwedeza mutu maso ali pafoni.

Pa Mwami mapepala athu anadindidwa popanda vuto lililonse. Za zovala palibe anatifunsa. Tikubwerera ku basi tinapeza eni ake a masipeya aja afika. Amalonda, ndi njinga zawo ndi zingwe zawo. Ankatsitsa katundu wawo mosangalala, kondakitala akuwathandiza, akuseka nawo. Atamaliza, kunsi kwa basi kunatsala malo oti ng'ombe n'kugonamo yotambasula miyendo.

Tinadikira. Basi ya thwelofu koloko inafika folo koloko. Munatsika anthu, munatsika nkhuku, munatsika matayala. Chikwama munalibe. Dalaivala wake anati nkhaniyo akuimva koyamba kwa ine.

Ndinaimbira amanijala. Koyamba anati chikubwera. Kachiwiri anati ali pamsonkhano. Kachitatu foni inali yozimitsa. Msonkhanowo uyenera kuti unali waukulu.

Abusa anabwera pambali panga. "A Tembo, dzuwa lapita, ndipo boda ya Dedza yolowera ku Mozambique ikadali kutali. Mutsala kapena tipita?" Anthu onse m'basi ankandiyang'ana pawindo. Ndinakwera.

Ku Angonia, basi isanaime n'komwe, mayi wina anathamangira pakhomo pake. Ankayang'ana nkhope iliyonse yotsika. Titatha tonse, anasuzumira mkati. Dzina lake ndi Rozina. Anafunsa, "Malita ali kuti? Anati adzanditengera juzi yake yobiriwira ija."

Amayi Sakala anamugwira dzanja n'kupita naye kuseri kwa tchalitchi. Kulira ndinakumva ndili pomwe ndinaima. Patapita nthawi Rozina anabwera, anandipatsa moni ndi manja awiri, anagwada, anapepesa. Za juzi sanafunsenso. M'mawa mwake, ataona kuti ndikunjenjemera pa mapemphero, anavula chitenje chimene anafunda n'kundiika paphewa. Ine amene ndinapita kukafunditsa anthu, ndinafunditsidwa ndi munthu amene ndinamubweretsera manja okhaokha.

Zikomo kwambiri, a Timasamala. Ulaliki umenewo ndinaumva.

Titabwerako ndinapita kuofesi kwanu. Anati amanijala ali ku Lusaka. Galimoto yawo inali panja, itatsukidwa kumene. Mwina anapita wapansi.

Ndinapitanso. Anati chikwama chinakwera molakwika basi ya ku Lundazi, akuchifufuza. Ndinafunsa kuti akuchifufuza ndani. Anati amene akufufuzayo watulukako pang'ono.

Lachisanu lapitali ndinawapeza amanijala. Anandikhazika pampando, anapepesa ndi nkhope ya pamaliro, kenako anatenga foni n'kutsegula powerengera. "Akulu, tisavutane. Chinali cha makilo angati? Tikulipirani pa mtengo wa belo la salaula, giredi yoyamba."

Giredi yoyamba. Ulemu wake.

Ndisanayankhe, chitseko chinatseguka. Kunja kunali mphepo ya Julaye. Analowa mayi wa matikiti uja, atanyamula kapu ya tiyi. Anali atavala juzi yobiriwira. Atatambasula mkono kuika kapuyo patebulo, ndinaona chigongono cha kumanzere. Chigamba. Ulusi wakuda.

Ndinawapatsa moni. Ndinati, "Juzi yabwino, mayi. Munagula kuti?"

"Ku salaula, bambo. Mukufuna tikiti ya kuti?"

Amanijala ankayang'ana foni yawo mwakhama, ngati muli nkhani yofunika kwambiri. Ndinaimirira, ndinabwezera mpando pamalo pake, ndinatuluka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba. Tsiku limenelo sindinafune kukwera chilichonse cha matayala.

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikufunsa pano chifukwa muofesi mwanu mafunso amakwera basi ya ku Lundazi. Anakupatsani ndani mphamvu yogulitsa malo mu basi imene mpingo unalipira yonse? Anatsegula chikwamacho ndani ine nditachoka? Munagawana pa mphasa iti, ndipo anaitana mayina ndani? Kwathu zovala za malemu zimagawidwa ndi abale, akulu ali pomwepo, ndipo aliyense amalandira ndi manja awiri. Inu ndinu abale a Malita a mbali iti? Pa maliro sindinakuoneni.

A mipingo ina amene mukukonzekera maulendo, tamverani. Basi ikafika, tsegulitsani kunsi musanayambe nyimbo. Munthu akakuonetsani manja ake n'kunena kuti akweza yekha, nyamulani katundu wanu, ngakhale pamutu.

Apongozi anga andifunsa kale ngati zinthu za mwana wawo zinafika. Ndinawayankha za kuzizira kwa ku Angonia. Lamlungu likubwerali ndikadya kwawo, ndipo afunsanso. Kunama kwa mayi amene anaika mwana wake sindingathe.

Choncho ndalama zanu sindizifuna. Sikelo yanu sungani. Ndikufuna chikwama, ndi chovala chilichonse chimene chinali m'menemo, chifike kutchalitchi kwathu Lamlungu lisanakwane. Njira mukuidziwa, munabwera kudzatenga malipiro. Mlaliki wa ku Angonia akubwera kuno mwezi wamawa ndipo adzanyamula yekha, pa basi ina.

Ndipo inu mayi a matikiti, sindikudziwa ngati munkadziwa. Tsopano mwadziwa. Juziyo ili ndi mwiniwake, dzina lake Rozina, ndipo kumene akukhala kukuzizira kuposa muofesi mwanu. Ivuleni, muipinde, muibweretse.

Kuchapa musavutike. Chimene ndinkasunga m'menemo munachichotsa kale.