Ndinabisa Chenjezo la Namondwe, Madzi Anatenga a Nangozo

Ndine mayi wa ana anayi, ndimalima mpunga kumunsi kwa Mtakataka. Pali mlandu umene ndakhala nawo mumtima zaka zitatu osauza munthu mpaka dzulo. Ndinalandira uthenga woti anthu asamuke, ine n'kuusunga m'foni, ndipo chifukwa cha kukhala chete kwangako mayi wina wachikulire anapita ndi madzi. Ndikulemba izi wayilesi ili pambali panga, ikunena za namondwe wina amene ali m'njira.

M'mudzi mwathu anandisankha kukhala m'komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi poti ndimatha kuwerenga komanso ndinali ndi foni. Ntchito yanga inali yoti uthenga wa azanyengo ukafika, ndizungulire nyumba za m'mbali mwa mtsinje ndi chimkuzamawu. Inu owerenga amene simudziwa kwathu kuno, ife tili m'tsinde mwa mapiri. Mvula ikagwa kumtunda, madzi onse amatsikira kwa ife, ngakhale kuno kutawala dzuwa.

Ulendo woyamba, kutamveka kuti kukubwera namondwe, ndinagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Ndinafuula mpaka mawu kusasa. Anthu anasenza mphasa, mapoto ndi ana n'kukagona masiku atatu m'makalasi a sukulu ina kumtunda kwa msewu. Koma namondweyo anakhotera kwina, kuno sikunagwe ngakhale kadontho. Pobwerera, mabanja ena anapeza akuba atakhuthula makola a mbuzi, ndipo mkwiyo wonse unagwera ine. Kumjigo amayi ankandiitana kuti Mayi Namondwe, ana n'kumanditsanzira m'njira. Amuna anga anandiuza kuti ndasandutsa banja lathu choseketsa.

Chaka chotsatira, mpunga utayamba kutulutsa ngala, nkhani ya namondwe inabweranso. Ndinkaitsatira tsiku lililonse. Lolemba anati ali pakati pa nyanja ya mchere, Lachitatu wadutsa Madagascar, Lachisanu walowa m'dziko la Mozambique. Lachisanu lomwelo uthenga unalowa m'foni yanga, wakuti onse okhala m'malo otsika asamuke msanga. Ndinauwerenga kawiri. Ndinayang'ana kumwamba, kunali timitambo topyapyala tothamanga, basi. Ndinakumbukira kuseka kwa kumjigo kuja, n'kumanga foniyo pansonga ya chitenje.

Madzulo ake ndinakumana ndi a Nangozo. Anali mayi wamasiye, woyenda ndi ndodo chifukwa cha nyamakazi, ndipo nyumba yawo inali yomalizira kufupi ndi mtsinje. Pa anthu onse a mbali imeneyo, ndi iwo okha amene sananditonzepo. Anandiimitsa n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndamva kuti kukubwera chimphepo. Kodi tisamuke? Ine miyendo yangayi imafuna kuuzidwa nthawi ikadalipo."

Ndinawayankha kuti, "Ndi zomwe zija, amayi. Khalani, zikavuta ndidzabwera kudzakuuzani."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo wawo pang'onopang'ono.

Loweruka kunacha ndi mvumbi, mapiri osaoneka n'komwe. Ine ndinapita kumsika kukagulitsa matimati ngati palibe chimene ndikudziwa. Dzuwa lisanafike paliwombo tinamva mkokomo ngati wa sitima, koma panjanji panalibe kanthu. Wakabaza wina anafika ali wefuwefu, akuti mtsinje wasiya njira yake, walowa m'mudzi. Ndinasiya matimati pomwepo n'kuthamanga.

Ndinakathera pamsewu, poti kumunsi konse kunali madzi ofiira, atanyamula mitengo ndi mizu yomwe, nthochi, zitseko, mbuzi zakufa. Amene anali ndi miyendo yolimba anali atathawa kale, ana anga ndi bambo awo ali m'gulu lomwelo. Nyumba za zidina zosaotcha zinkangosungunuka tikuona. Kwa a Nangozo kunkaoneka denga lokha, kenako nalo linatembenuka n'kupita.

Anakawapeza patapita masiku awiri m'mabango kufupi ndi nyanja. Minda yathu inakwiririka ndi mchenga, ina mpaka lero simera kanthu. Pamaliro, mwana wawo Lufeyo, msodzi amene tsikulo anali kunyanja, anandigwira dzanja n'kundithokoza poti ndinkawatungira madzi amayi ake. A komiti atafunsa chifukwa chimene sindinalengezere, ndinanama kuti foni inali itatha moto, ndipo anandikhulupirira.

Tsopano sabata ino zayambiranso. Wayilesi ikuti namondweyu akulimba pamene akuyandikira, ndipo mawa kapena mkuja afika kumtunda. Dzulo ndinazungulira nyumba zonse ndi chimkuzamawu. Ena anayamba kulongedza, ena anangondiyang'ana. Lufeyo anamanga nyumba pamalo pomwe panali ya amayi ake, ndipo akukhalamo ndi mkazi ndi ana awiri. Ndinamupeza akusoka ukonde pakhonde. Anandiuza kuti iye sachoka, poti za pawayilesi n'zongoopseza, madzi enieni aja anabwera popanda chenjezo lililonse.

Pamenepo ndinamuuza zoona. "Chenjezo linabwera, achimwene. Linali m'foni yanga. Amayi anandifunsa ngati asamuke, ine ndinawauza kuti akhale."

Anasiya kusoka n'kundiyang'ana. Sanandilalatire. Anangoitana mkazi wake kuti ayambe kumanga katundu, n'kulowa m'nyumba. Lero m'mawa wadutsa pakhomo panga ndi ngolo, ana atakhala pamwamba pa matumba, osandipatsa moni. Sindikudziwa ngati adzandilankhulenso. Pofika mawa mudzi wonse ukhala utamva zimene ndinachita, ndipo ndilibe chodzitetezera.

Inu owerenga, makamaka inu okhala m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, musamayeze ngozi poyang'ana mitambo ya pamutu panu. Madzi amene anatiwononga ife anagwera kutali, kumene sitinkaona. Chenjezo likapita pachabe kamodzi, thokozani Mulungu, koma likabweranso nyamukaninso. Ndipo inu amene mwapatsidwa uthenga kuti mukauze anzanu, si wanu woti muzisankha kuti muufikitse kapena ayi. Munthu akakufunsani, muuzeni zonse zimene mwamva, asankhe yekha. Manyazi a kusekedwa anandipweteka miyezi ingapo, koma izi ndidzafa nazo.

Mwina namondweyu akhotera kwina, anthu n'kundisekanso. Ndivomera. Panopa mphepo yasintha, ikuwomba mwamphamvu kuchokera kummwera, ndipo asodzi akokera mabwato awo kumtunda. Kumunsi kwatsala nyumba zitatu zimene eni ake akukana kuchoka, ina muli khanda la masabata awiri. Ndikusiya kulemba kuti ndipitekonso mtsinje usanayambe kulira.