Kukasaka Ndodo ya Uta wa Tadala ku Chikangawa

Tinanyamuka pa Jenda Lachinayi m'mawa kukuzizira, ine ndi mwana wanga Tadala. Iye anakoleka kumsana chikwama chachitali cha uta, ine ndinali chimanjamanja, koma wolemedwa kwambiri ndinali ine.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhalitsa pa Jenda, ndimagulitsa misomali ndi penti. Tadala anali Fomu 3 nthawi imeneyo. Anaphunzira masewera oponya mivi kusukulu, ndipo anamusankha kuti akayesedwe ku Lilongwe Loweruka la sabata yomweyo. Tsoka ilo, Lolemba mphepo inagwetsa uta pomwe anauimika, sitebulaiza n'kuthyoka. Imeneyi ndi ndodo imene amaimanga kutsogolo kwa uta, yokhala ndi tizitsulo tolemera kunsonga, kuti uta usamagwedezeke munthu akamalunjika. Popanda ndodoyo, mivi ya Tadala inkangomwazika ngati anapiye aona mphamba.

Wowotcherera zitsulo wa pa Jenda anayesa kutipangira ina, koma itamangidwa uta unkangoweramira pansi ngati khasu. Ndiye aphunzitsi ake anatiuza za a Moyo a ku Mzimba boma, amene kale ankapikisana pa masewerawa ndipo ankasunga ndodo zoterezi. Foni yawo sinkagwira. Tinangoti tipite.

Kondakitala wa minibasi anachiyang'ana chikwamacho mokayika.

"Ichi nchivichi, adada? Mfuti?"

"Ndi uta wa masewera."

"Mbwenu nawonso ulipire, ukutenga malo a munthu."

Titakanganako pang'ono, tinalipira K2,500 aliyense, uta n'kukwera ulele pamiyendo yathu ndi ya mayi wina wogulitsa matimati. Pa rodibuloko wapolisi analoza chikwama chomwecho. Ndinkaona kale uta ukutsalira pamenepo. Wapolisiyo anatsegula, natulutsa muvi umodzi n'kuuyang'anitsitsa.

"Iwe mtsikana, ukukalasa ndani?"

"Pepala, bwana," anatero Tadala.

Minibasi yonse inaseka, wapolisiyo nayenso, ndipo anatiuza kuti tizipita.

Tinafika ku Mzimba boma dzuwa litakwera. Nyumba imene anatilozera inali kuseri kwa msika. Tinapeza mayi akuyanika zovala.

"A Moyo? Pepani chomene, adada, anasamuka chaka chatha. Ali ku Chikangawa, kumacheka a matabwa."

Ndinathokoza. Tinalowa mu tiyirumu ina pafupi ndi depoti, ndinaitanitsa tiyi wa mkaka ndi mandasi. Tadala anangonyema ndasi lake osadya.

"Ababa, tiyeni tibwerere. Ndikauza aphunzitsi kuti atumize wina."

"Imwa tiyi, tikupitirira," ndinayankha molimba, ngakhale kuti ndinalibe chitsimikizo chilichonse kuti munthuyo tikamupeza, kapena kuti ndodozo akadali nazo.

Minibasi ya ku Mzuzu inali ndi anthu atatu okha, ndipo sinkaoneka kuti idzadza msanga. Mwamwayi tinapeza lole yopita kukatenga matabwa. Dalaivala wake, mnyamata wa ku Mulanje, anatilola kukhala naye kutsogolo pa K1,500 aliyense. Titalowa mu msewu waukulu tinayamba kukwera mapiri. Kwina paini anali ndi ndi ndi mbali zonse, kwina zitsa zokhazokha zakuda ndi moto. Malole odzaza matabwa ankatsika akufuka mabuleki. Mphepo yolowera pa windo losatsekeka inkaluma makutu.

"A Moyo kumeneko alipo ambiri," anatero dalaivalayo. "Mukufuna uti?"

"Amene ankaponya mivi."

"Oho, a zala aja! Ndikusiyani pakhomo penipeni."

Sindinamvetse, mpaka pamene tinawapeza dzuwa litapendeka, akuyang'anira anyamata okweza matabwa. Anali bambo wamtali, wa imvi zapatalipatali. Popereka moni ndinaona kuti dzanja lawo lamanja linalibe zala ziwiri, zomwe zija amakokera nsinga ya uta. Macheka anazidula, ndipo masewera awo anathera pomwepo.

Anamvetsera nkhani yathu osaphethira, kenaka anapukusa mutu.

"Sindigulitsa, adada. Ambiri abwera kudzazifuna."

Ulendo wonse uja! Tadala anali atawerama, akufinya lamba wa chikwama. A Moyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, lumikiza uta wakowo. Ndione kaye ngati umaponyadi."

Anatitengera pa bwalo lina kuseri kwa nyumba za antchito. Anakoleka thumba la utuchi pamtengo, n'kumatapo pepala lojambula chandamale. Kenaka anatuluka m'nyumba ndi ndodo zitatu zokulunga m'chitenje: yaitali yolemera, yapakati, ndi yaifupi.

Tadala anayamba ndi yaitaliyo. Mivi iwiri yoyamba inalasa pafupi ndi pakati.

"Imeneyo ndiye!" ndinafuula. "Basi, tatenga imeneyo."

Koma pofika muvi wachisanu mkono wake unali ukunjenjemera, nsonga ya ndodo ikugwa pansi. Pa mpikisano amaponya mivi yambirimbiri, sakanakwanitsa. Anamanga yaifupi. Imeneyo inali yopepuka bwino, koma mphepo ikangowomba uta unkatengeka, ndipo muvi wina unaphonya thumba lonse n'kukalowa m'tchire.

Nthawi imeneyo chifunga chinali chitayamba kutsika m'mitengo. Thumba lija linkazimirira tikuona. Ndinkaganiza za galimoto yobwererera, za kuzizira, za mawa lomwe mwanayu ankayenera kukwera basi ya ku Lilongwe. Yapakati itamangidwa, mivi inagwirizana koma yonse inalasa m'munsi.

"Bwerera ku yaitali ija," ndinatero. "Ungopirira. Kapena a Moyo, inu mukuona bwanji? Mwina..."

"Ababa, takhalani chete pang'ono."

Sanayambe wandiyankhapo chotero. Ndinatseka pakamwa. A Moyo anangopinda manja. Tadala anamasula kachitsulo kamodzi kunsonga kwa ndodoyo n'kukaika m'thumba la juzi. Anakweza uta, nausiya kaye m'mwamba osakoka, ngati mayi akuyesa kulemera kwa nkhuku pamsika. Kenaka anakoka. Muvi unapita, wina, winanso, mpaka isanu ndi umodzi. Titayandikira tinapeza yonse yaunjikana pakati, malo oti chipewa changa chikanaphimba.

"Wamva bwanji m'dzanja?" anafunsa a Moyo.

"Uta wakhazikika, adada. Sukulimbana nane."

"Mbwenu ndi yako."

Nditapisa m'thumba kuti ndiwalipire, anandigwira mkono ndi zala zawo zitatu zija.

"Yayi. Ndodoyi yakhala m'chitenje nthawi yaitali. Ipite ikaone Lilongwe."

"Yewo chomene," anatero Tadala atagwada.

Anatiperekeza kumsewu, natiimitsira basi yochokera ku Mzuzu. Tinagula mbatata yootcha pa windo, ndipo Tadala anadya yake ndi yanga yomwe. Tinatsika pa Jenda ogulitsa anyezi akulongedza.

Ku Lilongwe sindinapite nawo. Loweruka lonse ndinali m'shopu, kupatsa anthu misomali ya malata pomwe akufuna ya matabwa. Foni inalira madzulo. Tadala anali wachitatu mwa atsikana, ndipo anamutenga m'gulu lokakonzekera mipikisano ina.

Ulendo umenewu ndinanyamuka ndikuganiza kuti ndikukamusankhira mwana wanga chinthu chabwino. Koma kulemera kwa uta umakudziwa ndi mkono umene waunyamula. Yanga ntchito inali kumufikitsa pabwalo lija, n'kuima kumbuyo kwake.