Munda wa Che Jafali

Che Jafali anakhala pa ukamwini zaka makumi awiri ndi ziwiri kwa akazi awo, a Zuhura, kuno kwa Kuntumanji. Mukanawafunsa chomwe chinali chawo pamudzipo, akanakuonetsani kofiya ndi khasu basi. Munda wampunga unali wa akazi awo. Mango odzala ndi manja awo anali a mlamu wawo Bashiru, mwini mbumba, munthu amene sankatha kudutsa pamunda osawakumbutsa kuti dothi akupondalo lili ndi eni ake. Ine ndinali woyandikana nawo nyumba. Zinkandiwawa ndithu, ngakhale kuseka ndinkaseka nawo.

Mu 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa. Asodzi anapachika maukonde, ogulitsa matemba ku Songani anayamba kaunjika, koma Che Jafali ankayenda ngati apambana chisankho. Anadula nsungwi zinayi zazitali n'kukazizika pakati pa nyanja, pamatope oumawo, n'kulengeza kuti umenewo ndi munda wawo, popeza palibe gogo wa munthu aliyense analimapo.

Tinawauza kuti madzi angopita kokayenda, abweranso. Iwo ankati ndi nsanje.

Chaka choyamba chimanga chinabereka mochititsa manyazi tonsefe. Bamboyo anatupa. Anauza Bashiru pamaso pa anthu, potuluka mu mzikiti, kuti khasu lawo silidzakhudzanso munda wa eni. Anafika mpaka pokangana za malire ndi a Wilisoni, amene anatengera nzeruyo n'kulima pambali pawo, akuluakulu awiri a imvi kulozana zala chifukwa cha mzere umodzi, pamalo pomwe dzana lomweli pankadutsa mabwato.

Ndiye kunabwera mvula ya 1997. Mtsinje wa Likangala unasefukira, nyanja inabwerera kwawo osagogoda. Mpunga wa a Zuhura unakwiririka ndi mchenga wofika m'mawondo. Mbuzi tinkagulitsa pa mtengo wa nkhuku, anyamata anathawira ku Limbe kukasaka ganyu, ndipo maukwati awiri amene tinkayembekezera kudyako anaimitsidwa. Kunabweranso mabwana ena pa galimoto yoyera, anatijambula titaima m'madzi, anatipempha kuti tisamwetulire, kenako anapita.

Munda wa Che Jafali unamira chimanga chili ndi ngaiyaye. Zinkangooneka nsonga za nsungwi zinayi zija.

Mukuganiza kuti anagonja? Ayi ndithu. Anabwereka bwato, ndipo m'mawa uliwonse akatha kuswali ankapalasa kukayendera munda. Msodzi akangolowa pakati pa nsungwizo, iwo ankamuthamangitsa ndi nkhafi, ati akuponda mbewu. Mudzi wonse tinagwirizana kuti mutu wawo nawo wamira. A Zuhura anasiya kupita kuchitsime masana chifukwa cha manyazi.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti milamba imakonda mapesi owola. Nsomba zinali zisanabwerere bwino m'nyanjamo, asodzi ankabwerako ndi dengu lopanda kanthu, koma pakati pa nsungwi zinayi zija madzi ankachita kuwira. Che Jafali anatchera miono itatu. Pakhomo pawo panayamba kununkhira, pomwe kwa Bashiru ana ankagonera mango osapsa ophika.

Bashiru anapirira masabata awiri. Tsiku lina madzulo ndili pakhonde pa Che Jafali, tikusenda nsungwi zolukira mono, ndinangoona munthu uja akubwera, wachepa, kofiya ili m'manja. Anakhala pansi, osati pampando. Anafunsa za moyo, za mvula, za mwendo wa a Zuhura, mpaka mafunso anamuthera.

"Alamu," anatero, maso ali pansi, "ana akuvutika. Ndimati nditchereko miono iwiri m'munda mwanu."

Che Jafali anapitiriza kusenda nsungwi. Pa zaka zonsezo panalibe amene anawauzapo mawu amenewo. Kumva amamva bwinobwino bamboyo, ngakhale nkhuku ikatsokomola kuseri kwa nyumba. Koma anaika dzanja kukhutu n'kuweramira kwa mlamu wawo.

"Makutuwa madzi analowa, alamu. Mwati m'munda mwa yani?"