Chithunzi cha Manda Chimene Ndinafufuta

Bungwe lathu la alimi ku Chifunde linali ndi komputadori imodzi ndi bokosi limodzi la makalata a pa intaneti. Ambiri m'bungwemo anali mabanja amene anabwerera kuchokera ku Zambia ndi ku Malawi nkhondo itatha, ndipo abale awo otsala kunjako ankalembera ku bokosi lomwelo. Wolisamala ndinali ine.

Chakumapeto kwa chilimwe china bokosilo linadzaza, makalata atsopano anayamba kubwerera kwa eni ake. Tekiniko wa ku Tete, amene ankayang'anira makina aakulu osungira makalata athu, anandiuza pa foni kuti: "Yambani ndi olemera. Zithunzi ndi zimene zikudya malo." Ndinandandalika makalata kuyambira olemera kwambiri, ndinasankha makumi awiri apamwamba n'kufufuta. Ndinakhuthulanso lisheira, dzala la mu komputadori. Sindinatsegule kalata ngakhale imodzi. Ntchito yonse inatha m'mphindi zisanu.

Patapita sabata ziwiri kunafika bambo wina wachikulire wa ku Mualadzi. Akazi awo anamwalirira ku Zambia nthawi ya nkhondo ndipo anaikidwa komweko. Katekista wina wa kumeneko anajambula mandawo n'kutumiza chithunzi ku bokosi lathu, kenako nayenso anamwalira. Makina athu osindikizira analibe tinta, inki yake, choncho chithunzicho chinkangokhala m'bokosimo. Chaka chilichonse, tsiku limene mpingo umakumbukira akufa, anzawo akamapita kumanda ndi makasu ndi makandulo, bambowa ankapalasa njinga kubwera kwa ife. Ankavula chipewa pakhomo, kukhala pa mpando wanga moyang'anana ndi chithunzicho, kupemphera, kenako n'kuwauza akazi awo za kumunda.

Ndinafufuza kalata ija kawiri. Inali m'gulu la makumi awiri aja.

"Bambo, rede ya intaneti yathawa lero," ndinanama.

"Yathawira kuti, a sekeretariyo? Nayonso ili ndi Zambia wake?" Anaseka, navala chipewa. "Ndidzabwera ndikabzala."

Makina a ku Tete ankasungabe makalata ofufutidwa kwa mwezi umodzi. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinali ndi sabata ziwiri zotsala, ndipo foni inali m'thumba mwanga. Koma kuimba kunafuna kuti ndivomere kuti ndinafufuta makalata a anthu osawerenga, ndipo tekiniko uja anali munthu wankhani, mawa lake maofesi onse akanamva. Ndinkati ndiimba mawa. Pamene ndinaimba, chimanga chinali chitamera.

"Mwachedwa, akulu," anatero tekiniko. "Zimenezo zinapita kalekale. Munali kuti?"

Bambo aja anabweradi atabzala, matope ali m'masipoko a njinga. Ndinawapatsa mpando, ine ndinaima, ndinawauza zonse mmene zinayendera: kudzaza kwa bokosi, mphindi zisanu zija, bodza la rede, ndi foni imene sindinaimbe.

"Tsiku lija munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

Anapukuta chipewa pa bondo. "Mlamu wanga anapita ku Zambia sabata yomweyo. Ali ndi foni yojambula. Anandifunsa ngati ajambule, ine ndinati ayi, chithunzi chilipo kale kwa a sekeretariyo." Kenako anapitiriza. "Akuti mtanda anaupeza utapendekeka, chiswe chadya kunsi. Mvula ino sudutsa. Ukagwa, pamalopo ndi thengo basi."

Ndinayamba kupepesa. Anakweza dzanja, osati mwaukali, koma monga munthu woletsa mwana kumuthirira madzi ambiri. Anandifunsa za akazi anga ndi ana, monga ankachitira nthawi zonse. Ndinayankha. Anayang'ana komputadori kanthawi, navala chipewa ali chikhalire, natuluka.

Chaka chotsatira, tsiku la akufa, ndinafika m'mawa n'kupukuta mpando uja. Ndinakhala pa benchi la alendo mpaka nthawi yoweruka. Sanabwere. Rede inalipo tsiku lonse, ndipo m'bokosi munali malo ambiri.